Mfundo zofunika musanapemphe lenzi ya kamera pa tsiku lanu lobadwa

Mabasi ochokera ku Johannesburg amalowa m'Malawi pa chipata cha Mwanza, atadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue. M'ngolo zake mumadzaza mabulangete, mafiriji, matayala ndi zikwama zamizeremizere, ndipo wambiri mwa katunduyo ndi amene abale kuno anachita kupempha pa WhatsApp. Zaka zino pa zopemphedwazo pawonjezeka kanthu kakang'ono ngati kapu ya tiyi koma kodula ndithu: lenzi ya kamera. Anyamata ndi atsikana angapo pa boma la Mwanza, ngakhalenso kwa Kanduku ndi kwa Nthache, akudyera kujambula maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mpingo ndi ana omaliza sukulu ya mkaka. Tsiku lobadwa likamayandikira, achimwene a ku Joni amaimba foni n'kufunsa kuti, "Chaka chino ndikugulire chiyani?" Yankho limakhala lili kale pakamwa, koma munthu amalimeza. Kodi alitchule kapena ayi?

1. Kuyankha kuti "chilichonse" si ulemu nthawi zonse.

Tinaleredwa kuti mwana wamakhalidwe sapempha, amalandira ndi manja awiri chimene wapatsidwa. Ndipo pa nkhani ya tsiku lobadwa makolo sanatisiyire mwambo woti titsatire, chifukwa agogo athu ambiri sankalidziwa n'komwe tsikulo. Ankangoti anabadwa njala ya 1949 itangotha, kapena chaka chimene kunagwa dzombe. Choncho tikuphunzira tokha, ndipo ambiri timathawira ku manyazi. "Aaa, chilichonse achimwene, inuyo mukudziwa."

Achimwenewo sadziwa. Amalowa m'sitolo n'kugula nsapato zothina, wotchi yachitatu kapena jekete loti ku Mwanza livalidwa mwezi wa June wokha. Ndalama yapita ndithu, koma sinagwire ntchito, ndipo wolandira amathokoza ndi pakamwa mtima uli kwina. Munthu amene wakufunsani yekha chimene mukufuna wakupatsani mpata woti munene zoona. Mwana wosalira anafera m'mbereko.

2. Mtengo wa mphatso muuwerenge m'maola a thukuta la wogulayo.

Apa ndi pamene ambiri timalakwa, chifukwa randi ikasinthidwa kukhala kwacha imaoneka yonenepa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chichokereni nthawi imeneyo aliyense wolandira marandi timamuona ngati bwana. Koma mu 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma la South Africa anali R27.58 pa ola. Lenzi yatsopano ya 50mm, imene ili m'gulu la zotchipa kwambiri, imadutsa R2,000. Gawani nokha. Ndi maola oposa 70 akutchetcha kapinga, kuchapa zovala za ana a eni kapena kuima pa geti usiku, ndipo amene mapepala ake sali bwino kawirikawiri salandira ngakhale malipiro ovomerezekawo. Pa ndalama yomweyo pachoke lendi ya kachipinda, thiransipoti, fizi ya ana kumudzi ndi feteleza wa mayi. Tisaiwalenso kuti mu April 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu amene ankathawa zipolowe zodana ndi alendo. Ndalama ya ku Joni imapezeka ndi mantha.

Sindikunena kuti musapemphe. Ndikunena kuti pali kusiyana pakati pa m'bale amene wafunsa yekha ali ndi ntchito yokhazikika, ndi m'bale amene wangokhala chete chifukwa mwezi uno zamuvuta. Woyambayo muuzeni. Wachiwiriyo musamukumbutse n'komwe kuti mukubadwa liti.

3. Dziwani dzina lonse la chimene mukupempha.

Kunena kuti "mundigulire lenzi" n'kuika m'bale wanu m'mavuto. Lenzi iliyonse ili ndi pakamwa pake polumikizira ku kamera, pamene ojambula amati mount, ndipo kawirikawiri za kampani ina sizilowa pa kamera ya kampani inzake. Ya Canon silowa pa Nikon. Ngakhale m'nyumba imodzi muli magawo. Canon inayamba malenzi a EF mu 1987, ndipo amenewa amalowa pa makamera ambiri amene ali m'manja mwa ojambula athu, monga 600D, 1100D ndi 2000D. Mu 2018 inatulutsa a RF, a makamera atsopano opanda kagalasi m'kati, ndipo lenzi ya RF singalowe pa 600D ngakhale mutaikakamiza motani. Nikon nayonso ili ndi F, imene inayamba mu 1959, ndi Z ya mu 2018. Wogulitsa m'sitolo ya ku Johannesburg akaona munthu wosadziwa, amamuonetsa zatsopano, poti ndi zimene zadzaza pa shelefu.

A Nikon ali ndi msampha wina. Makamera a D3100, D3200 ndi D5100 alibe kainjini koyendetsa fokasi m'thupi mwake. Mukaikapo 50mm f/1.8D, imene ndi yotchipa ndipo imapezeka kwambiri pa kaunjika wa zida zojambulira, ilowa bwinobwino koma fokasi muzichita kupotokola ndi dzanja, mkwatibwi akuyenda. Yofunika pamenepo ndi yolembedwa AF-S, ya f/1.8G. Chilembo chimodzi chokha, D kapena G, chingathe kuwononga maola 70 aja.

Ndiye jambulani kutsogolo kwa kamera yanu pamene palembedwa nambala yake, lembani dzina lonse la lenzi, mutumize zonse ziwiri. Kumeneko si kulamula wamkulu. N'kusamala ndalama yake.

4. Tchulani ntchito imene yakukanikani chifukwa chosowa lenziyo.

Ngati simungathe kuitchula, ndiye kuti simukufuna chida, mukungosirira. Kusirira si tchimo, koma si koyenera kulipiridwa ndi thukuta la munthu wina.

Nachi chitsanzo cha chifukwa chomveka. Makamera ambiri amabwera ndi lenzi ya 18-55mm, imene mukaikoka mpaka pa 55mm imatseguka kufika f/5.6 basi. Panja masana imagwira bwino. Koma m'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, kapena m'holo nthawi ya perekaniperekani dzuwa litapendeka magetsi n'kuzima, zithunzi zimatuluka zakuda kapena zogwedera, ndipo eni ukwati amakana kumaliza kulipira. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6. Imachititsanso kuti kumbuyo kwa munthu kuzioneka mwachimbuuzi, nkhope yokha n'kuwala, zimene makasitomala amakonda ndipo foni za Tecno ndi Itel zimangoyerekeza. Munthu amene angafotokoze zimenezi, n'kuonetsa zithunzi zimene zinawonongeka, ali ndi pempho loima.

Komabe 50mm ili ndi vuto lake. Pa makamera ang'onoang'ono amene tatchulawa imaona mopanikiza, ngati 80mm pa Canon kapena 75mm pa Nikon. M'chipinda chochezera cha kumudzi, pamene ankhoswe a mbali zonse akhala mothithikana, mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma anthu asanakwane onse. Wojambula zinkhoswe kawirikawiri amathandizidwa bwino ndi 35mm. Nayo 70-300mm, imene achinyamata amaikonda chifukwa ndi yaitali ndipo imaoneka yaukatswiri ikalendewera pakhosi, ndi ya mpira pa bwalo ndi zinthu zakutali masana. Madzulo m'holo ilibe thandizo.

Ndipo nthawi zina vuto si lenzi. Ndi fulashi, batire lachiwiri, memore khadi yodalirika, kapena kungoti simunaphunzire kuichotsa kamera pa Auto. Musanapemphe, bwerekani kapena chitani hayala lenzi yoteroyo kwa mnzanu Loweruka limodzi, muone ngati zithunzi zanu zisinthedi.

5. Pemphani mosiya khomo lotsegula.

Wopempha sakulitsa chitete. Nenani chimene mukufuna, mtengo wake, ndi mawu omasula munthu: "Achimwene, ngati chaka chino sizitheka musadandaule, ndidikira." Mawu amenewa muwanene mukutanthauza. Zimathandizanso kwambiri kubwera ndi gawo lanu. Amene wasunga kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kuchokera ku maukwati awiri, kapena pogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu nyengo yozizira, n'kunena kuti "theka ndili nalo, mundithandize theka," sakupemphetsa. Akuitana mnzake pa bizinesi. Muvomerenso yogwiritsidwapo kale ntchito. Lenzi yosamalidwa bwino imakhala zaka zambiri, ndipo yakale yabwino imajambula chimodzimodzi ndi yatsopano.

6. Musazembe alamu anu.

Mfundo iyi ambiri saikonda. Ngati achimwene kapena achemwali anu ali pa banja, ndalama imene mukupemphayo si yawo okha. Pempho lonong'oneza, lija loti "musawauze alamu," limabala mkangano m'nyumba ya eni, ndipo tsiku limene lenziyo idzaonekere pa Facebook inuyo mudzasanduka mutu wa nkhani. Chinthu choyenera kupemphedwa n'choyeneranso kumvedwa ndi onse a m'nyumbamo. Ngati mukuona kuti alamu akamva akhumudwa, mwina akudziwa za m'thumba la nyumbayo zimene inu simukudziwa.

7. Gwirizanani za ulendo wake.

Lenzi ndi magalasi. Isaponyedwe m'ngolo pamodzi ndi mapoto, ibwere m'chikwama cha m'manja cha munthu wodalirika, lisiti lili momwemo. Pa chipata cha Mwanza a MRA ali ndi udindo wolipiritsa msonkho pa katundu wolowa, choncho mugwirizane kale kuti ukafunika alipira ndani. Kumuuza wonyamula kuti aibise n'kumuika m'bale wa wina pa mlandu chifukwa cha mphatso yanu.

8. Lenzi yofika patali sikupatsani chilolezo.

Anthu a ku Mwanza amadziwa kujambulidwa osafunsidwa. Kumapeto kwa 2015 ndi kumayambiriro kwa 2016, anthu zikwizikwi othawa nkhondo m'chigawo cha Tete anafikira m'mudzi wa Kapise, asanasamutsidwire ku Luwani m'boma la Neno, ndipo zithunzi za amayi ndi ana awo zinazungulira dziko lonse. Zina zinathandiza kuti chithandizo chibwere. Koma funso silichoka: kodi mayi amene wagona pansi pa lona ndi mwana wodwala akanafunsidwa akanavomera?

Mukakhala ndi 300mm mungathe kujambula nkhope ya namfedwa muli kuseri kwa mtengo, mtsikana akuchapa ku mtsinje, kapena mdala ataledzera pa msika, iwo osadziwa kanthu. Madzulo chithunzicho chili m'magulu a WhatsApp anthu akuseka. M'bale amene anagula lenziyo sanatuluke thukuta kuti muzichotsera anthu ulemu. Yandikirani, perekani moni, pemphani. Akakana, tsitsani kamera. Pa maliro funsani eni mbumba, ndipo pa chipata penipeni musajambule musanafunse akuluakulu a pamenepo.

9. Mphatso imabwera ndi ngongole yake, ndipo ndi bwino kuidziwiratu.

Mukalandira, ndinu wojambula wa banja. Pa ukwati wa msuweni, pa kumanga chiliza cha agogo, adzati "si uja anamugulira achimwene ake?" ndipo za malipiro sizidzatchulidwa. Gawo lina la zimenezi ndi loyenera, mulivomere mokondwa. Koma malire muwaike msanga, makamaka pa kubwereketsa. Lenzi yoyenda m'manja ambiri imabwera ndi mchenga m'kati ndi zala pagalasi, ndipo wobwerekayo sadzavomera kuti anaigwetsa.

Kuisamala nakonso ndi njira yothokozera. Nyengo ya mvula chinyezi chimameretsa chuku m'kati mwa magalasi, timizere tonga ulusi wa kangaude timene tikakhazikika sitichoka msanga. Musaisunge m'chikwama chonyowa kapena pansi pa bedi. Ikani m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo muziitulutsa kawirikawiri. Popukuta musagwiritse ntchito malaya amene mwavala. Ndipo wogulayo aziona zipatso: mutumizireni zithunzi za ntchito zimene mwagwira, mumuuze mwapeza zingati. Palibe chopweteka kwa munthu wa kutali ngati kumva kwa anthu ena kuti mphatso ija inagulitsidwa mwezi wachitatu.

10. Akakana, ubale usathere pamenepo.

Ena akangomva kuti "chaka chino zandivuta," amasiya kuyankha mauthenga, n'kuyamba kulemba mawu okuluwika pa sitetasi onena za abale oumira. Kumeneko n'kuonetsa kuti munkaona m'bale wanu ngati banki. Iye sanakulandeni kanthu. Kamera muli nayo, 18-55mm ija ikugwirabe ntchito panja, ndipo maukwati a chilimwe akubwera. Sungani pang'onopang'ono, mudzagula nokha kapena mudzakumana pakati chaka chamawa.

Ngati mwawerenga zonsezi ndipo mukutha kutchula dzina la lenzi, ntchito yake ndi gawo limene mupereke inuyo, pemphani osachita manyazi. Koma musadikire sabata ya tsiku lobadwa. Tumizani uthengawo kudakali miyezi iwiri kapena itatu, kuti munthuyo alandire malipiro kangapo asanakuyankheni.