Kodi Chingelezi Ndicho Muyeso wa Nzeru?

Chilankhulo chachilendo si chinthu chatsopano kuno ku Nkhotakota. Jumbe Salim bin Abdallah adadza ndi Chiswahili m'zaka za m'ma 1840, ndipo pambuyo pake Chingelezi chidaloŵa pamodzi ndi boma ndi sukulu. Mu 1968 dziko lathu lidachisunga kuti chiziyenda limodzi ndi Chicheŵa. Lero mwana amene walephera Chingelezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale akhoze masamu chotani. Nchifukwa chake makolo amagulitsa mpunga ndi usipa kuti ana achiphunzire, ndipo akuchita bwino. Mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi.

Koma tiyeni tiyang'ane bwino zimene mwanayo akuphunzira. Timamuseka akasokoneza "he" ndi "she", osakumbuka kuti chilankhulo chimene adayamwa kwa mai ake chimati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Kuphonya kotere si uchitsiru ayi, koma ndi phazi lozoloŵera njira ina. Taonaninso mau akuti "you". Mngelezi amaŵanena kwa khanda, kwa mfumu ndi kwa agogo omwe, pamene ife tili ndi "iwe" ndi "inu". Mau amodzi akuti "uncle" ameza amalume ndi abambo aang'ono, chonsecho pakati pa ife Acheŵa udindo wa anthu aŵiriŵa pa mwana ngwosiyana kutali. Chilankhulo chilichonse chili ndi pamene chimaona bwino, ndiponso pamene chili ndi khungu.

Tchimo limayamba pamene tisandutsa chida kukhala muyeso wa munthu. Msodzi wa ku Chia amene amadziŵa kuti mwera wayandikira nyanja ikadali bata, kodi ndi mbuli chifukwa sangalembe kalata ya Chingelezi? Nanga mwana akabwera ku holide namaŵakonza atate ake pamaso pa alendo, waphunzira chiyani? Galamala waidziŵa, koma waiŵala manja amene adakoka khoka kuti iye apeze fizi.

Tsono makolo, alimbikitseni ana kuŵerenga ndi kulankhula Chingelezi mopanda mantha, pakuti woopa kuphonya sadzachidziŵa konse. Ndipo inu ana, chiphunzireni ndi mtima wonse, pakuti ndi bwato limene lidzakuolotsani kutali. Koma mukabwerera kwanu ndi kupeza agogo ali pamkeka, gwadani, muŵatchule kuti "inu".