Kodi Mtsogoleri Adye ndi Yani?

Pa 22 November 2022, madzulo, anthu angapo anakhala pa cakudya m'nyumba yochedwa Mar-a-Lago, ku Palm Beach m'dziko la America. Mwini nyumba anali Donald Trump, amene anakhala Prezidenti kuyambira 2017 kufikira 2021, ndipo panali patapita sabata imodzi yokha cilengezere kuti afunanso mpandowo. Mlendo wake anali woimba wochuka Kanye West, amene anasintha dzina kukhala Ye. M'mwezi wa October woimbayu analemba mau oopseza Ayuda, kotero kuti kampani ya Adidas inathetsa pangano lake la malonda ndi iye. Tsono Ye sanadze yekha. Mwa anzake munali mnyamata wa zaka 24, Nick Fuentes, amene amalalikira pa intaneti kuti America ndi dziko la Azungu, nanyoza Ayuda, naseka mbiri yoona yakuti boma la Hitler linapha Ayuda 6 miliyoni.

Mbiri ya mgonerowo itamveka panabuka phokoso, ndipo odzudzula ambiri anali a m'nyumba momwemo. David Friedman, amene Trump anamtuma kukhala kazembe ku Israel, anampempha poyera kuti awakane anthuwo. Mike Pence, waciwiri wake wakale, anati apepese. Mitch McConnell, mkulu wa cipani ca Republican m'nyumba ya Senate, anati m'cipanimo mulibe malo a odana ndi Ayuda, nati munthu wokomana ndi otere n'kobvuta kuti asankhidwe kukhala Prezidenti. Trump anayankha kuti Fuentes sanali kumdziwa konse, anangodza pambuyo pa mnzake. Kupepesa sanapepese.

Kodi kudya ndi munthu woipa ndi chimo? Funsoli liyenera kuyesedwa mofatsa, pakuti mbali ya Trump iri ndi mau ake. Akale anati mfumu ndi dzala: zabwino ndi zonyansa zomwe zimatayidwa pa iye, ndipo mtsogoleri wolankhula ndi olungama okhaokha sangathetse mlandu ngakhale umodzi. Mtendere umapangidwa pakati pa adani. Kuonjezera apo, mwana wake wamkazi Ivanka analowa cipembedzo ca Ayuda, adzukulu ake ena ndi Ayuda, ndipo ndiye anasamutsira ku Jerusalem nyumba ya kazembe wa America mu 2018. Palibe angaloze mbale imodzi ya cakudya nanena kuti waona m'kati mwa mtima wa mwini wake. Wina angakumbukirenso kuti Yesu mwini anadya ndi amisonkho, ndipo anthu anang'ung'udza.

Koma nkhani ya Zakeyu iri ndi mathero ake. Wamisonkho uja anaturuka pa cakudyaco atalonjeza kugawira osauka theka la cuma cake. Alendo a ku Mar-a-Lago anaturuka bwanji? Patapita masiku 9, pa 1 December, Ye anakhala pamodzi ndi Fuentes pa pologalamu ya Alex Jones natamanda Hitler pamaso pa dziko lonse. Mgonero uja sunabweze munthu aliyense pa njira yake.

Cimene gome la munthu wamkuru lipatsa mlendo ndico ulemu, ndipo ulemu ndiwo cinthu cimodzi cimene wofesa udani sangadzipangire yekha. Mau ali nao, omvera ali nao, ngakhale ndalama amazipeza. Cimene asowa ndi kuti anthu wamba aleke kumuona ngati wodwala khate wokhala kunja kwa mudzi. Munthu amene wasamba m'manja m'mbale imodzi ndi mfumu, mawa lake akalankhula pabwalo anthu amachera khutu, ngakhale mfumuyo sinabvomere liu limodzi la zonena zake. Ana amene dzulo analetsedwa kumumvera amafunsa kuti, ngati mfumu idya naye, coletsa n'ciani? Ulemu umenewu mtsogoleri anaulandira kwa anthu onse, ndi Ayuda omwe, ndipo pougawira munthu wowanyoza agawa cinthu cimene anangosungitsidwa. Ndipo a ku America adziwa kuti mau otere samathera m'kamwa: pa 27 October 2018 munthu wokhuta ciphunzitso ca udani analowa m'sunagoge wa Tree of Life ku Pittsburgh napha anthu 11 ali pa mapemphero.

Kunena kuti sanamdziwe kungakhale koona. Nyumba za akuruakuru zimalowa anthu ambiri. Koma Ye anali kumdziwa, ndi mau ake a mwezi wapitawo anamveka ponseponse. Ndiponso kusadziwa kumatha tsiku limene munthu wauzidwa. Mlandu wa madzulo aja ungakhale waung'ono, koma wa masiku otsatira ndi wolemera, pakuti pamenepo anadziwa zonse, ndipo kumkana Fuentes ndi dzina lake kukadatenga mpweya umodzi wokha. Cifukwa cimene atsogoleri ambiri amakhalira cete pa nthawi zotere sicibisika: wodana ndi Ayuda nayenso ali ndi voti, ndi anzake ali ndi mavoti, ndipo munthu wowerenga mavoti safuna kutaya ngakhale a anthu amene sangakonde kuwaona pa ukwati wa mwana wake.

Kuwerenga kotere kunayesedwa kale. Pa 4 January 1933 Franz von Papen, munthu wa banja lomveka amene anatsogolerapo boma la Germany, anakomana ndi Hitler m'nyumba ya mkuru wa banki Kurt von Schröder ku Cologne. Pa 30 January Hitler analandira utsogoleri wa boma, Papen nakhala waciwiri wake. A cipani ca Nazi m'bungwe la nduna anali atatu okha, ndipo Papen anakhulupirira kuti cingwe ciri m'manja mwake. Pofika pakati pa 1934 anthu ake awiri apamtima, Herbert von Bose ndi Edgar Jung, anali ataphedwa, iye mwini atatsekeredwa m'nyumba. America ya 2022 si Germany ya 1933, ndipo Fuentes alibe asilikari. Kuyerekeza ziwirizi mopitirira kungakhale bodza. Cofanana ndi maganizo okha a munthu wamkuru woyesa kuti angathe kubwereka moto wa mnzake osapsa nao.

Nao mkwiyo wa anthu uyenera kuyesedwa. Ambiri opfuula anali adani a Trump kale, ndipo cipani ciri conse cimaona msanga alendo a pa gome la cinzake. Nthenda iyi siisankha mbali: ku Britain mu October 2020 bungwe la Equality and Human Rights Commission linapeza kuti cipani ca Labour, pa nthawi ya Jeremy Corbyn, cinaswa lamulo pa kasamalidwe ka madandaulo a udani wa pa Ayuda. Cifukwa cake mau olemera anali a Friedman ndi Pence, amene podzudzula anali ndi kanthu kotaya. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Koma phokosolo silinakhalitse. Mu March 2024 McConnell yemwe uja anabvomereza Trump, ndipo mu November caka comweco Trump anasankhidwanso. Sikungakhale cilungamo kunena kuti osankhawo anakondwera ndi mgonero uja. Ambiri anali kuganizira mitengo ya zakudya ndi za malire a dziko. Komabe atsogoleri ena anali kupenya, ndipo anaona kuti mlandu wotere uthawika mwa kungodikira. Mu October 2025 Tucker Carlson, mmodzi wa olankhula omveka koposa a mbali ya Trump, anamuitana Fuentes nakambirana naye mwaubwenzi maora awiri pamaso pa anthu mamiliyoni. Kevin Roberts, mkuru wa bungwe la Heritage Foundation, anateteza Carlson, ndipo ena a m'bungwemo anatula pansi maudindo ao. Nthawi imeneyi panalibe amene anati sanamdziwe mlendoyo.