Amene Amathamangira Kumene Ife Tikuthawa

Kumayambiriro kwa chaka cha 2012, nthawi ija petulo ankasowa m'dziko muno mpaka anthu kumagona pamizere ya mafuta, ndinaona ngozi pa kamsewu kochokera m'midzi ya kwa Kabudula kulowera ku Nsaru. Inali galimoto ya matola yodzaza anthu, matumba a feteleza ndi zigubu zingapo za petulo zimene wina ankapita nazo kukagulitsa. Mvula inali itagwa usiku wonse. Pa kamlatho kena galimotoyo inaterereka ndi kugwera m'khwawa chagada. Ine ndinali panjinga pambuyo pake, choncho ndinali mmodzi mwa anthu oyamba kufika pamalopo.

Kufika ndinafikadi, koma m'khwawamo sindinatsikiremo. Fungo la petulo linali ponseponse, injini inali ikulirabe, ndipo wina anakuwa kuti, "Thawani, iphulika!" Tonse tinabwerera chafutambuyo n'kukaima patali, manja kumutu, pamene anzathu ankabuula pansi pa galimoto. Kenaka mayi wina amene anali pa kabaza anatsika, navula nsapato, nadutsa pakati pathu osalankhula ndi munthu. Analowa m'matope, nakwawira mbali ya dalaivala, nazimitsa injini. Anavala majumbo awiri m'manja, nang'amba chitenje chake, nayamba kumanga ntchafu ya mnyamata wina amene magazi ankatuluka ngati pampopi. Atatero anadzutsa mutu nati, "Bambo inu a malaya oyera, tabwerani mugwire apa." A malaya oyerawo ndinali ine. Ndinatsika, koma ndisakunamizeni, chimene chinanditsitsa chinali manyazi.

Galimoto ija sinaphulike. Ovulala tinawanyamula pangolo ndi pa lole ina imene inatipeza. Agogo ena anamwalira panjira, koma mnyamata uja anachira. Pambuyo pake ndinamva kuti mayi uja anali namwino ndipo ankachokera kuntchito ya usiku. Dzina lake sindinafunse.

Madzulo ake ndinafotokozera atsibweni anga nkhaniyi, mawu akunjenjemera. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, nafwenkha fodya wawo, nati, "Mphwanga, nanga chodabwitsa n'chiyani pamenepa? Si ntchito yake imeneyo? Pakutha pa mwezi amalandira. Kodi iwe ukaphunzitsa ana kusukulu kuja, makolo amabwera kudzakuvinira?"

Funso limeneli landitsata zaka zonsezi: kodi munthu amene wachita zimene anamulembera ntchito tiyenera kumuthokoza? Poyamba ndinkaona ngati atsibweni ndi ouma mtima chabe, koma m'mawu awo muli nzeru imene sitiyenera kuitaya. Ife anthu akumudzi tinazolowera kugwada ndi kuwomba m'manja polandira zinthu zimene ndi zathu kale. Timathokoza kalaliki potipatsa chikalata, timathokoza phungu pomanga mlatho ndi ndalama za misonkho yathu, ndipo zikomo wathu wina amafika mpaka pa "ya fanta" yopereka mobisa. Kuthokoza kotereku kumasandutsa mwini chinthu kukhala wopemphetsa. Ngati atsibweni ankakana zimenezi, ndiye kuti ankanena zoona. Koma zimene ndinaona m'khwawa muja sizinali za mtundu umenewu, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndipeze pamene pali kusiyana.

Amene anandithandiza kupeza kusiyanako ndi msilikali wa dziko lino, Chancy Chitete. Mu Novembala 2018 asilikali a Malawi ndi a Tanzania, amene ankasungitsa mtendere pansi pa bungwe la United Nations, analowa m'nkhalango za kufupi ndi tawuni ya Beni, kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, kukathamangitsa zigawenga za ADF. Gulu limeneli linayambira ku Uganda ndipo lapha anthu wamba ambirimbiri m'midzi ya kumeneko. Nthawi imeneyo kuderali kunalinso mliri wa Ebola, ndipo chifukwa cha zigawengazo azaumoyo ankalephera kufikira odwala. Nkhondo itakula, gulu la Chitete linaima n'kumawombera kuti anzawo apeze mpata wosunthira pamalo abwino. Nthawi yoti nawonso achoke itakwana, Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Ali Khamis Omary, atavulala kwambiri, ali pambalambanda ndipo adani akuyandikira. Anabwerera, namukokera pobisika, nayamba kumupatsa chithandizo choyamba. Chipolopolo chinamupeza ali pantchito imeneyo. Omary anapulumuka, Chitete anamwalira.

Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya kulimba mtima kwapadera yotchedwa dzina la Captain Mbaye Diagne, msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu mazanamazana pa nthawi ya kuphana kwa ku Rwanda mu 1994, iyenso n'kuferamo. Chikhazikitsireni menduloyo mu 2014, inali itaperekedwa kamodzi kokha, kwa banja la Diagne mwini wake. Wachiwiri anali Mmalawi. Ndikukayika ngati ana a sukulu zathu akulidziwa dzina limeneli monga adziwira mayina a osewera mpira a ku England.

Tsopano tiyese kuika mawu a atsibweni pa nkhani iyi. Chitete ankalipidwa, inde. Koma akanapanda kubwerera, ndani akanamuimba mlandu? Akanabwera kwawo wamoyo, malipiro ake akanakhala omwewo, ndipo palibe akanamuloza chala. Omary sanali mbale wake, sanali wa dziko lake. Namwino uja nayenso akanatha kuima nafe pamtunda, pakuti anali ataweruka, yunifolomu ili m'chikwama, ndipo panalibe amene ankamudziwa. Malipiro amagula nthawi ya munthu ndi luso lake. Bwana angathe kulamula namwino kufika pantchito 7 koloko, kubaya jekeseni moyenera ndi kulemba m'kaundula. Koma palibe pangano la ntchito limene lingagule phazi limene munthu amaponya kulowera kumene imfa ili, iye akudziwa kuti ali ndi ufulu wobwerera. Phazi limenelo munthu amangolipereka. Ndipo chinthu chopatsidwa ulere, chimene sungathe kuchilipira kapena kuchibweza, yankho lake loyenera ndi kuthokoza basi.

Zigawenga zimalidziwa bwino phazi limeneli ndipo zimadana nalo. Ku Mogadishu, likulu la dziko la Somalia, bomba la pa 14 Okotobala 2017 linapha anthu opitirira 500. Pakati pa oyamba kufika panali a Aamin Ambulance, gulu lonyamula ovulala mwaulere limene linayambitsidwa ndi dokotala wa mano, Abdulkadir Abdirahman Adan. Pa 29 Okotobala 2022, pamphambano yomweyo ya Zobe, zigawenga za al-Shabaab zinaphulitsa mabomba awiri motsatizana. Lachiwiri linaphulika pamene maambulansi ndi anthu ofuna kuthandiza ankafika, ndipo anthu opitirira 100 anafa. Bomba lachiwiri lotere silichitika mwangozi. Cholinga chake ndi kuphunzitsa mtundu wonse kuti mnzako akagwa usamuyandikire. Chigawenga sichikhutira ndi mitembo yokha. Chimafuna kupha chija makolo athu ankanena kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Choncho woyendetsa ambulansi amene amalizabe belu kulowera ku utsi, akudziwa kuti mwina kuli bomba lina, amapulumutsa zinthu ziwiri: wovulala amene wamunyamula, ndi chikhulupiriro cha ena tonse chakuti tikadzagwa wina adzabwera. Chachiwirichi timapindula nacho ngakhale ife amene sitinavulalepo. Ngongole yathu ili pamenepo.

Wina anganene kuti kuno kwathu kulibe mabomba, ndiye nkhani za ku Mogadishu zikutikhudza bwanji. Tithokoze Mulungu kuti kulibedi. Koma mantha amene bomba lachiwiri limafesa ife timatha kudzifesera tokha. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena a kumwera, anthu anaphedwa popanda mlandu, azaumoyo ankaopsezedwa chifukwa chonyamula zipangizo zawo, maambulansi ankaimitsidwa pamisewu, mpaka a United Nations anachotsa antchito awo ena m'maderawo. Mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, tinamva za anamwino okanizidwa kukwera minibasi ndi ena oopsezedwa kuti atuluke m'nyumba za lendi. Anthu omwewo ndi amene anagona m'matenti nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu opitirira 1,700, akusintha madiripi usiku wonse pakati pa masanzi ndi chimbudzi cha odwala. Tikadwala timawatcha adokotala, tikachira timawatcha akuba mankhwala. Ena mwa iwo amabadi, ndipo ena ndi amwano, zimenezo sindikana, pakuti inenso ndinakalipiridwapo pamzere wa kuchipatala ngati mwana. Koma mwano wa mmodzi sufafaniza chitenje chong'ambidwa cha mnzake.

Komabe pali mbali ina imene imandisautsa, ndipo apa ndi pamene ndimabwereranso kufupi ndi atsibweni. Kuyamikira kuli ndi msampha wake. Munthu tikamutcha ngwazi timakhala ngati tamuchotsa pakati pathu n'kumuika pamwamba, kuti tikhale ndi chifukwa chosachitira zimene iye anachita. Timati iwo aja analengedwa mwina, mitima yawo ndi yamwala, ife ndife anthu wamba. Ine ndinadzitonthoza choncho kwa nthawi yaitali. Koma pamene ndinagwira mwendo wa mnyamata uja, manja anga ndi a namwino anakhudzana, ndipo ake ankanjenjemera kuposa anga. Ankaopa monga ndinkaopera ine. Kusiyana kwathu kunali kwakuti iye ankadziwa chochita ndipo anasankha kuchichita, pamene ine ndinali ndi mantha okhaokha opanda chidziwitso.

Msampha wina ndi woipa koposa. Mawu akuti ngwazi ndi otchipa kusiyana ndi magolovesi. Namwino uja anavala majumbo chifukwa analibe china, ndipo ovulala anakwera ngolo chifukwa ambulansi ikanabwera mochedwa, ngati inali ndi mafuta n'komwe. Dziko limene limawombera m'manja azaumoyo ake pamisonkhano, koma osawapatsa zodzitetezera, mafuta a ambulansi kapena ndalama zawo za usiku panthawi yake, likugwiritsa ntchito kulimba mtima kwawo kutsekera mabowo amene likanatseka ndi ndalama. Kumeneko si kuthokoza, ndi kudyera munthu masuku pamutu uku ukumuimbira nyimbo. Mendulo ya ku New York ndi yolemekezeka ndithu, koma siphikira mwana wamasiye phala. Ngati ndikuthokozadi munthu amene anaika moyo wake pachiswe, ndiyenera kufuna kuti mawa asadzafunikenso kuuika pachiswe chachikulu chotero. Apa ndiye pamene mawu a atsibweni akuti "amalipidwa" amasanduka funso kwa ife olipira: kodi amalipidwadi mokwanira, ndipo ndani amafunsa zimenezi phungu akabwera kudzapempha mavoti pa Nsaru kapena pa Mpingu?

Ine zimene ndinatha kuchita ndi zochepa. Ndinaphunzira chithandizo choyamba kwa anzathu odzipereka a Red Cross: kutseka bala ndi nsalu n'kukanikiza osasiya, kusamunyamula mwachisawawa munthu amene wavulala khosi kapena msana, kumugoneka chammbali wokomoka kuti asatsamwe. M'chikwama cha njinga yanga mumakhala magolovesi awiri ndi nsalu yoyera. Chaka chilichonse ndimauza ana a sitandade 8 nkhani ya Chancy Chitete, ngakhale kuti sibwera pamayeso. Ngati tsiku lina ndidzamvanso fungo la petulo m'khwawa, sindingalumbire kuti ndidzatsika ndisanaitanidwe. Ndikungoyembekeza kuti sindidzaima patali kwambiri monga ndinachitira tsiku lija.

Namwino uja ndinamufunafuna. Ndinafunsa a kabaza a pa Nsaru, ndinafunsa kwa Kabudula, ku Nambuma, mpaka ku Namitete nditapita kukaona wodwala ku St Gabriel. Aliyense ankati mwina ndi uje, mwina anasamutsidwa. Sindinamupeze, ndipo zikomo wake ndikadali naye.

Kumayambiriro kwa 2023 kolera anawagwira atsibweni. Tinawanyamula usiku ali lende, maso atalowa m'kati, ndipo mtsikana wina wovala nsapato za jombo anawafufuza mtsempha ndi tochi ya foni mpaka anaupeza. Anagona m'tenti masiku anayi. Patapita masabata awiri ndinawapeza m'mawa akumanga miyendo ya tambala wawo wamkulu ndi luzi.

"Atsibweni, tambalayu akupita kuti?"

"Kwa mwana uja wa kuchipatala."

"Si paja munati amalipidwa?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Amalipidwa kumene. Za malipiro n'za iye ndi boma. Tabweretsa njingayo kuno, mphwanga, dzuwa lisanakwere."

Titafika anatiuza kuti mtsikanayo anali atatumizidwa kumsasa wina kumene odwala anachuluka. Atsibweni anakhala pabenchi, tambala ali pamiyendo, nadikira mpaka masana ngati kuti atulukira. Kenaka anamupereka kwa mayi wina amene ankakolopa pakhonde, namuuza kuti aphikire onse a ntchito ya usiku.