Chikondi cha M'kati mwa Mpanda

Tippi Hedren ankadziwa bwino kuwawa kwa kusungidwa ngati chiweto. Pojambula filimu ya The Birds, imene inatuluka mu 1963, Alfred Hitchcock analola kuti amuponyere mbalame zamoyo kwa masiku asanu mpaka thupi linakana. Malinga ndi Hedren mwini wake, atakana zofuna za mkuluyu, anamangidwa ndi pangano la ntchito: malipiro ankabwera ndithu, koma zitseko za mafilimu ena zinatsekedwa.

N'chifukwa chake zimene anachita pambuyo pake zimautsa funso. Mu 1969, iye ndi mwamuna wake Noel Marshall anaona mikango itakhazikika m'nyumba yosiyidwa ku Gorongosa, m'dziko la Mozambique. Chidwicho chinabala filimu ya Roar ya 1981, yojambulidwa ku California pakati pa mikango ndi akambuku ambirimbiri. Akuti anthu pafupifupi 70 anavulala, kuphatikizapo mwana wake Melanie Griffith, amene mkango unamung'amba kumaso. Kodi amene analawapo goli angalikoleke bwanji m'khosi mwa cholengedwa china, nalitcha chikondi?

Kum'namizira chinyengo n'kulakwa. Mu 1983 anakhazikitsa Roar Foundation yosamalira nyama za ku Shambala, navomera poyera kuti kukhala ndi mkango m'nyumba kunali kupusa, ndipo anamenyera nkhondo malamulo oletsa kuweta zilombo. Chikondicho chinali chenicheni. Chovuta n'choti mtengo wake analipira ndi ena.

Funso lomweli likupezekanso m'mapulazi a ku Mashonaland, kumene mibadwo ya Amalawi inakalambira m'minda ya fodya. Ku Imire, pafupi ndi Wedza, Norman Travers anayamba kusunga nyama zakutchire mu 1972, ndipo ntchitoyo yathandiza kupulumutsa zipembere. Mu November 2007 achiwembu a mfuti anapha zipembere zitatu pamalopo atamanga alonda. Mayina a nyamazo, Amber, DJ ndi Sprinter, anamveka kutali, monganso la kamwana kamasiye Tatenda. Alondawo m'nkhani zambiri anangokhala "alonda" basi.

Chipembere sichinalakwe pokhala ndi dzina. Kutchula dzina ndiko kuvomera kuti chinthu chili ndi moyo wakewake. Koma usiku umenewo panalinso anthu, omangidwa manja, akumva kulira kwa mfuti pafupi ndi khola limene ankalilonda.