M'mimba ndi m'chipala

Akuluakulu amatero akaona ana a mayi mmodzi akusiyana mtima ndi msinkhu. Mwambiwu umakwananso m'minda ya tiyi ku Thyolo.

Tiyi yense ndi mtundu umodzi, Camellia sinensis, koma akatswiri amamugawa pawiri: wa ku China wa masamba ang'onoang'ono, ndi wa ku Assam wa masamba akuluakulu. M'minda yakale yodzala njere, wothyola tiyi amadzionera yekha: chitsamba ichi chaphukira msanga, chinzakecho chikadagona. N'chifukwa chake ofufuza a ku Mimosa, ku Mulanje, amasankha chitsamba chabwino n'kuchichulukitsa podzala timitengo take. Zokolola zimachuluka, inde, koma nthenda ikagwa m'munda wofanana chonchi, ikhoza kusesa wonse. Tiyi wa njere tisamuzule yense.