Nkhunzi ya ku Cooley pa gitala yamagetsi

Kodi nthano ya makolo ikavala chovala chachilendo imakhalabe ya makolo? Funsoli landisowetsa tulo kuyambira pamene ndinamvera chimbale cha The Táin, chimene gulu la Horslips la ku Ireland linatulutsa mu 1973. Anyamatawa anatenga nthano yakalekale ya Mfumukazi Medb, yemwe anautsa nkhondo posirira nkhunzi ya ku Cooley, naiyimba ndi magitala amagetsi osakaniza ndi zitoliro ndi vayolini zakwawo.

Poyamba ndinkati kumeneku n'kunyoza mizimu. Koma amene amaupha mwambo ndani: wouvina mophonya sitepe, kapena woutsekera m'bokosi kuopa fumbi? Ineyo, amene ana anga sadziwa nthano ngakhale imodzi ya agogo awo, ndilibe pakamwa powadzudzulira a Horslips.