Kodi Mphamvu ya Wanchito wa Boma Ikhala Kuti?

Mzinda wa Livingstone, m'mbali mwa Zambezi, unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Masiku amenewo kalaliki ankalemba zimene Mzungu wanena, mesenjala nanyamula kalata. Kuweruza kanthu sikunali kwao. Ufulu unadza mu 1964, mipando inalandira eni atsopano, koma cizolowezi ca kudikira mau a wamkuru sicinathe msanga.

Mu 2022 boma la Zambia linakweza ndalama za citukuko za dera la phungu ali yense kucokera pa K1.6 miliyoni kufikira K25.7 miliyoni, ndipo zidzera m'makhonsolo, monga ya Livingstone. Tsono tifunsane, abale: mjigo ukacedwa kukumbidwa pamene ndalama ziripo, cifukwa kalaliki aopa kusaina pepala, mlandu ngwa yani?

Mphunzitsi wina wa ku America, Gretchen Spreitzer, analemba mu 1995 kuti wanchito amva mphamvu mumtima pa zinthu zinai: akaona kuti nchito yace iri ndi tanthauzo, akadziwa kuti aikhoza, akaloledwa kusankha njira yoicitira, ndiponso akaona kuti nchitoyo isinthadi kanthu. Lamulo lipatsa munthu udindo, koma zinai izi sizilembedwa m'kalata ya nchito.

Inu alimi mudziwa kuti mukapatsa mwana khasu, koma mpini muugwirabe ndinu, mwanayo sadzalima mzere ngakhale umodzi. Ndipo simungamuche waulesi. Momwemonso wamkuru amene adzudzula pagulu colakwa ciri conse, osayamika cabwino, aphunzitsa anyamata ace kuti njira ya mtendere ndiyo kusacita kanthu. Mlandu woyamba ngwace.

Koma wanchito nayenso sali wopanda mlandu. Mau akuti "Bwana kulibe, bwerani mawa" nthawi zina ali coonadi, nthawi zina ali mphanga yobisalamo. Nkhalamba imene yayenda ulendo wautali ndi pepala lace ilipira mantha a wina ndi miyendo yace.

Cifukwa cace, inu akuru, lekani mpini, ndipo mnyamata akalakwa pofuna kuthandiza, mlangizeni kumbali. Ndipo inu amene ana anu agwira nchito m'boma, akadza kumudzi musawafunse za malipiro okha, afunseninso kuti, "Mwezi uno wathandiza yani?"